Kodi Filimu Yabwino Ingatiphunzitsenji Ponena za Moyo?

"Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe."—MWAMBI WA CHICHEŴA.

1, 2. (a) Kodi mafilimu afalikira kufikira pati chiyambire 1895? (b) Kodi tidzapendanji m'nkhani ino?

PA December 28, 1895, m'chipinda chapansi cha Grand Café mu Paris, anthu oŵerengeka analipira ndalama kuti aonerere zithunzithunzi zoyenda zimene Auguste Lumière ndi mphwake Louis anaonetsa. Filimu iliyonse inali yopanda mawu ndipo inatha mphindi imodzi isanakwane. Lerolino, patapita zaka zoposa 125, munthu angaonerere filimu ya maola aŵiri pafoni ya m'manja ali m'basi kapena atakhala pakhonde. Ana ambiri amamva nkhani zochuluka kuchokera ku mafilimu kuposa zimene amamva kwa makolo ndi agogo awo.

2 Mafilimu ambiri amapangidwira kusangulutsa kwa kanthaŵi chabe, ndipo ochuluka ndithu ngodzala ndi chiwawa ndi chisembwere zimene munthu wanzeru amapeŵa. Komabe, alipo ena amene amasiya woonerera ali ndi funso losautsa mumtima. Ameneŵa amachita ntchito imene nthano za madzulo zinkachita: amatisonyeza munthu wina atagwa m'vuto kotero kuti tidzipende vuto lofananalo lisanatifikire. Tiyeni tilingalire mafilimu anayi otero, ochokera ku United States, Italy, Japan, ndi Malaŵi, ndi kuona zimene tingaphunzirepo.

Kumvetsera Tisanaweruze

3. Kodi filimu ya 12 Angry Men imasimba za chiyani?

3 Yoyamba ndiyo 12 Angry Men, dzina lotanthauza amuna 12 okwiya, imene Sidney Lumet anaitsogolera mu 1957. M'makhoti a ku United States, mlandu waukulu kaŵirikaŵiri umagamulidwa ndi anthu wamba osankhidwa, amene amamvetsera umboni ndiyeno nkudzitsekera m'chipinda kuti agwirizane chimodzi. M'filimuyi, amuna 12 a mu New York ayenera kugamula mlandu wa mnyamata wazaka 18 wa m'dera la amphaŵi, amene akunenedwa kuti anapha atate wake ndi mpeni. Ngati apezedwa waliwongo, iye adzaphedwa pampando wamagetsi. Pafupifupi filimu yonseyo, ya mphindi 96, ikuchitikira m'chipinda chimodzi patsiku lotentha kwambiri.

4, 5. (a) Kodi nchiyani chikuchitika pamene umboni ukupendedwanso? (b) Kodi nchiyani chinali kusonkhezera ena a oweruzawo?

4 Pakuvota koyamba, amuna 11 akunena kuti mnyamatayo ngwaliwongo. Mmodzi yekha, amene mbali yake anaiseŵera Henry Fonda, akukana. Iye sakunena kuti mnyamatayo ngwosalakwa. Akungoumirira kuti moyo wa munthu suyenera kutayidwa popanda kukambitsirana. Pamene akupendanso umboniwo, mipata ikuyamba kuoneka. Mpeni umene unanenedwa kukhala wosapezekapezeka umagulitsidwa m'sitolo ya m'dera lomwelo. Nkhalamba yotsimphina imene inati inafika pachitseko m'masekondi 15 ikanafunikira oposa 40. Mkazi amene anati anaona kuphako ali pabedi usiku anali ndi tizizindikiro ta magalasi pamphuno, ndipo munthu sagona atavala magalasi.

5 Komabe, chimene filimuyo ikuvumbula koposa ndicho mitima ya oweruzawo. Wina akufulumiza zinthu chifukwa chakuti ali ndi matikiti a maseŵera a baseball madzulo amenewo. Wina amada anthu onse okhala m'madera a amphaŵi, ndipo kwa iye mnyamatayo anali waliwongo mlandu usanayambe nkomwe. Wachitatu, amene akukakamira kufikira mapeto, anasemphana ndi mwana wake wamwamuna, ndipo mosadziŵa akulanga mwanayo kupyolera mwa woimbidwa mlanduyo. Pomalizira pake akung'amba chithunzithunzi cha mwana wakeyo, nalira, navomereza kuti umboniwo ngwokayikitsa.

6. Kodi ndi mafunso otani amene tingadzifunse pamene timva za kulakwa kwa munthu wina?

6 Ambiri a ife sitidzagamulapo mlandu m'khoti. Komabe, timaweruza anthu pafupifupi tsiku lililonse. Timamva kuti mnansi anaba, kuti wantchito mnzathu ananama, kapena kuti mwana wa uje ngwopulupudza, ndipo mwamsanga timavomereza. Tingachite bwino kudzifunsa kuti: 'Kodi ndamva mbali zonse ziŵiri? Kodi ndikukhulupirira zimenezi chifukwa cha umboni, kapena chifukwa cha fuko la munthuyo, umphaŵi wake, kapena chilonda changa chakale?' Onani kuti filimuyo sikutiuza konse ngati mnyamatayo anaphadi atate wake. Mfundo yake njakuti pamene sitikudziŵa, tiyenera kuvomereza kuti sitikudziŵa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

7. Kodi tingaphunzirenji pa njira imene mwamuna mmodziyo anatsutsira anzake?

7 Palinso phunziro m'njira imene mwamuna mmodziyo anaimira yekha. Ngakhale kuti anakalipiridwa ndi kunyozedwa, iye anapitirizabe kufunsa mafunso modekha ndi kumvetsera mayankho. Woyamba kumchirikiza anali wokalamba koposa pagululo, amene anzakewo sanali kumŵerengera, ndipo iyeyo ndiye anakumbukira tizizindikiro ta magalasi tija. Chotero, pamene tikusiyana maganizo ndi anthu ambiri, kudekha kungawapatse mpata wa kusintha popanda kuchita manyazi. Ndipo pamene ife tili kumbali ya ambiri, nkwanzeru kupatsa mpata munthu wachete uja kuti anenepo zake.

Pamene Umphaŵi Uyesa Munthu

8, 9. Fotokozani mwachidule zimene zinachitikira Antonio Ricci.

8 Filimu yachiŵiri, Ladri di biciclette, kutanthauza akuba njinga, inapangidwa ndi Vittorio De Sica mu 1948. Panthaŵiyo Italy anali asanachire ku Nkhondo Yadziko II, ndipo ulova unali ponseponse. De Sica anajambula m'makwalala enieni a Rome, ndipo mbali yaikulu anaipatsa Lamberto Maggiorani, wantchito wa m'fakitale amene anali asanaseŵerepo filimu. Iye akuseŵera monga Antonio Ricci, lova amene akupeza ntchito yomata zikwangwani zamalonda m'zipupa. Ntchitoyo imafuna njinga, koma yake ili kupinyolo. Mkazi wake, Maria, akuchotsa nsalu zoyala pabedi nakazipinyolitsa kuti aombole njingayo. Patsiku loyamba la ntchito, njingayo ikubedwa.

9 Antonio ndi mwana wake wamng'ono, Bruno, akuyendayenda m'misika ndi m'makwalala kufunafuna njingayo. Apolisi sakuthandiza kwenikweni. Pamene wakubayo akupezeka, anansi ake akumtetezera, ndipo palibe umboni. Atathedwa nzeru, Antonio akuona njinga itatsamiritsidwa pachipupa pafupi ndi bwalo la mpira. Akuuza Bruno kuti akwere galimoto la anthu onse napite, ndiyeno akudumphira panjingayo. Koma mwanayo wasiyidwa ndi galimotolo, ndipo akuona atate wake akuthamangitsidwa, kugwidwa, ndi kumenyedwa mbama. Mwininjingayo, poona mwanayo akulira, akusankha kusatengera nkhaniyo kupolisi. Aŵiriwo akuchoka, atateyo misozi ili m'maso, ndipo Bruno akuwagwira dzanja.

10. Kodi filimuyi imatithandiza motani kukhala ndi lingaliro loyenera la munthu wolakwa?

10 Aliyense amene amadyetsa banja lake ndi njinga, monga wakabaza kapena wogulitsa makala, adzamvetsa chimene Antonio anataya. Filimuyo sikunena kuti kuba nkwabwino. Ndithudi, kuba sikunabwezere Antonio njinga yake, koma kunawonjezera manyazi pa umphaŵi wake. Chikhalirechobe, popeza kuti tayenda naye kuyambira pachiyambi, sitingathe kungomutcha mbala ndi kulekera pomwepo. Mwambi umati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Tikuonanso kuti mnyamata amene anamubera amakhala m'kanyumba kaumphaŵi mofananamo. Kudziŵa chimene chinagwetsa munthu sikumafafaniza kulakwa kwake, koma kumatithandiza kumdzudzula mwachifundo ndi kusadzidalira mopambanitsa.

11. Kodi makolo angatengepo phunziro lotani?

11 Makolo angapindule mwa kuyang'anitsitsa nkhope ya Bruno. Pachiyambi iye amanyadira atate wake, amapukuta njinga yawo, ndipo amatsanzira zochita zawo. Pamene atatewo akummenya mbama chifukwa cha nkhaŵa zawo, iye akuyenda patali nawo mwakachetechete. Antonio anayesa kuchotsa mwanayo asanabe, umboni wakuti chikumbumtima chake chinali kulankhula. Kodi pali chinthu chimene timachita kokha pamene tikuganiza kuti ana sakutiona? Iwo amaona zambiri kuposa zimene timalingalira. Ana angapirire kusoŵa zinthu, koma kumawapweteka kwambiri kuona kholo likuchita chimene linawaletsa.

Kodi Masiku Athu Tikuwathera pa Chiyani?

12, 13. (a) Kodi Kanji Watanabe anali munthu wotani? (b) Kodi anafunafuna kuti chitonthozo, ndipo nchiyani chinamsintha?

12 Filimu yachitatu ndiyo Ikiru, liwu lachijapani lotanthauza kukhala ndi moyo. Akira Kurosawa anaitulutsa mu 1952, ndipo Takashi Shimura akuseŵera monga Kanji Watanabe, mkulu wa dipatimenti ina m'maofesi a mzinda. Kwa zaka pafupifupi 30 iye sanajombepo kuntchito, komabe sanachite kanthu kena koposa kudinda mapepala. Pamene akazi a m'dera lina akudza kudzadandaula za chithaphwi cha madzi oipa chimene chikuswa udzudzu ndi kudwalitsa ana awo, akutumizidwa ku ofesi ina ndi ina kufikira atabwerera pamene anayambira. Ndiyeno Watanabe akuzindikira kuti ali ndi kansa ya m'mimba ndi kuti watsala ndi miyezi yoŵerengeka.

13 Mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo akuoneka kukhala wodera nkhaŵa kwambiri ndalama za penshoni, kotero kuti Watanabe akulephera kumuuza za matendawo. Akutapa ndalama zimene anasunga nayesa moŵa ndi nyumba zovinira, koma zikumsiya wopanda pake monga kale. Pambuyo pake akucheza ndi mtsikana wina wansangala amene anasiya ntchito mu ofesiyo nakayamba kupanga zidole za akalulu m'fakitale. Mtsikanayo akufotokoza kuti amasangalala podziŵa kuti ana adzaseŵera ndi zimene iye amapanga. Pamenepo Watanabe akukumbukira pempho la akazi aja, limene linangounjikidwa pa desiki lake.

14. Kodi Watanabe anathera motani miyezi yake yomalizira?

14 Miyezi isanu pambuyo pake, Watanabe wamwalira, ndipo zotsalazo tikuzimva kwa antchito anzake pamaliro ake. Pang'onopang'ono iwo akukumbukira mmene anayendera ofesi ndi ofesi akuŵerama ndi kuchonderera, mmene anakanira kugonja pamaso pa wachiŵiri kwa meya, ndi mmene sanaopere zigaŵenga zimene zinafuna malowo. Chithaphwicho chinakwiriridwa nichisanduka bwalo loseŵererapo ana. Akuluakulu a mzinda anadzitengera thamo, koma akazi aja anadza kudzalira maliro ake mochokera mumtima. Wapolisi wina akusimba kuti usiku womalizira anamuona atakhala pakatungwe m'bwalolo, chipale chofeŵa chikugwa, akuimba mokhutira.

15. Kodi nchifukwa ninji mapeto a Ikiru ali chenjezo kwa oonerera?

15 Chenjezo lalikulu lili kumapeto. Ataledzera pamaliropo, antchitowo akulumbira kuti adzatsanzira Watanabe. Koma atabwerera ku ofesi, dandaulo latsopano likufika, ndipo akulitumiza ku dipatimenti ina monga mwa nthaŵi zonse. Mmodzi akuimirira mokwiya, ndiyeno akukhalanso pansi kuseri kwa mulu wa mapepala. Kodi ife sitingachite zofananazo? Nkosavuta kugwetsa misozi poonerera ndi kuiŵala zonse kutacha. Watanabe sanafunikire ntchito ina kapena chuma kuti achite zabwino, pakuti pempholo linali pa desiki lake nthaŵi yonseyo. Nkhaniyi njosatha ntchito, kwakuti mu 2022 Oliver Hermanus wa ku South Africa anaipanganso m'Chingelezi pa dzina lakuti Living. Kodi ndi pempho la yani limene ife takhala tikulikankhira maŵa?

Filimu Ndiyo Nkhani Yokonzedwa

16, 17. (a) Kodi filimu yachinayi yazikidwa pa zochitika ziti? (b) Kodi atate a William akupereka chitsanzo chotani m'filimuyo?

16 Filimu yachinayi, The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka mu 2019 ndipo inajambulidwa m'Malaŵi. Mbali yaikulu ya makambitsirano ake ili m'Chicheŵa, chimene ena a oseŵerawo anachita kuphunzira. Yazikidwa pa moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anabadwa mu 1987. M'nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002, iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa ndalama zolipirira. M'malo mongokhala, anayamba kuŵerenga mabuku a sayansi m'laibulale yaing'ono. Ali ndi zaka pafupifupi 14, anapanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi, akumagwiritsira ntchito zitsulo zotayidwa, mapaipi apulasitiki, mitengo ya bulugama, ndi njinga ya atate wake.

17 Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyo, akuseŵeranso monga atate a William. M'filimumo, iwo poyamba akukaniza njingayo mwaukali. Kwa mlimi amene banja lake likudya kamodzi patsiku, maloto a mwanayo akuoneka ngati chibwana. Komabe, pambuyo pake akudzichepetsa, napereka njingayo kuti idulidwe, nathandiza kumanga nsanja ya makinawo. Kuvomereza kuti mwana wako akudziŵa chimene iwe sudziŵa kumafuna kulimba mtima. Achichepere nawonso angaone kuti kutsekeka kwa chitseko cha sukulu sikunaletse William kuphunzira.

18. Kodi filimuyo ikusiyana motani ndi zimene zinachitikadi, ndipo zimenezi zikutikumbutsanji?

18 Komabe, pano tifunikira kusamala. M'filimuyo, makinawo akuyendetsa pampu imene ikuthirira minda ndi kupulumutsa mudzi ku njala. M'chenicheni, makina oyamba a William anayatsa magetsi ndi kuliza wailesi panyumba pawo. Madzi a pampu anafika zaka zingapo pambuyo pake, ntchito yake itadziŵika kunja, makamaka atalankhula pamsonkhano wina ku Arusha, Tanzania, mu 2007. Opanga mafilimu amafupikitsa zaka, amaphatikiza anthu, ndipo amasankha nyimbo zotigwira mtima. Ngakhale mu 12 Angry Men, zimene woweruza uja anachita pokagula yekha mpeni nzosaloledwa m'khoti lenileni. Chotero, mawu akuti filimu yazikidwa pa nkhani yoona satanthauza kuti zonse za mmenemo zinachitikadi.

Kuonerera Mwaluntha

19. Kodi tingachitenji tisanaonerere filimu?

19 Pamenepa, kodi ndimotani mmene tingapindulire ndi mafilimu? Choyamba, sankhani musanayambe kuonerera. Maiko ambiri ali ndi mabungwe amene amaika pafilimu chizindikiro cha msinkhu woyenera, koma miyezo yawo imasiyanasiyana ndipo singaloŵe m'malo mwa chikumbumtima chanu. Ŵerengani chidule cha nkhaniyo, kapena funsani munthu wodalirika amene anaionerera. Kutchuka kwa filimu kapena mphotho zimene inalandira sindizo umboni wakuti njoyenera banja lanu. Ngati phunziro labwino lakwiriridwa m'zonyansa zambiri, mungalipeze kwina. Ndipo ngati mwayamba kale kuonerera, musachite manyazi kuizimitsa.

20. Kodi banja lingakambitsirane mafunso otani filimu itatha?

20 Chachiŵiri, kambitsiranani filimuyo itatha. Mphindi khumi zokha zingakwanire. Makolo angafunse kuti: 'Kodi munthu uja anayang'anizana ndi chosankha chotani? Kodi nchiyani chinamsonkhezera? Kodi ndani anavutika ndi chosankha chakecho? Kodi filimuyi ikufuna kuti tikonde yani, ndipo kodi iye ngwoyenereradi kukondedwa?' Lolani ana kuyankha choyamba, ndipo musafulumire kuwawongolera. Mwana amene amaopa kulankhula za iyemwini angalankhule momasuka za Bruno kapena William, ndipo mwa kutero angakusonyezeni zimene zili mumtima mwake.

21. Kodi nchiyani chidzasonyeza kuti tapinduladi?

21 Chachitatu, sankhani chinthu chimodzi chimene mudzachita, ndipo chichiteni mlungu womwewo. Mwinamwake ndicho kukamva mbali ya munthu amene munamweruza msanga, kupepesa mwana amene munamkalipira chifukwa cha mavuto anu, kapena kukaona wodwala amene mwakhala mukulonjeza kukamzonda. Antchito anzake a Watanabe anaona chitsanzo chabwino ndi maso awo, anakhudzidwa mtima, nalonjeza zambiri, koma anthu odzadandaula ku ofesi yawo sanaone kusintha kulikonse. Ngati tipatula maola aŵiri kuonerera mavuto a munthu wina, tiyeni tipatulenso nthaŵi yothandiza anthu enieni amene tikukhala nawo.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi 12 Angry Men imasonyeza zinthu zotani zimene zingapotoze chiweruzo chathu?

□ Kodi nchifukwa ninji kumvetsa chimene chinagwetsa munthu kumasiyana ndi kulungamitsa kulakwa kwake?

□ Kodi antchito anzake a Watanabe ali chenjezo motani kwa ife?

□ Kodi nchifukwa ninji tiyenera kusamala ndi filimu yozikidwa pa nkhani yoona?

□ Kodi ndi njira zitatu ziti zimene zingathandize banja kupindula ndi zimene limaonerera?